Mabuku a tiana m'kalasi ya Fomu 1

Ndakhala chete kwa kanthawi ndithu, paja kuchonga mapepala a kumapeto kwa teremu sikupatsa munthu mpata wopuma. Lero ndati ndiyankhe funso limene anzanga angapo akhala akundifunsa, ena pamaso, ena kuseri: bambo wamkulu ndi dipuloma yake, wophunzitsa ku sekondale, akufunanji ndi mabuku a zithunzi olembedwera ana a zaka zisanu?

Vuto lake mukulidziwa nonse. Mwana amafika mu Fomu 1 atakhoza mayeso a Sitandade 8, atasankhidwa, makolo ake atagulitsa mbuzi kuti agule yunifolomu. Mukamupatsa ndime ya Chingerezi amaiwerenga mokweza bwinobwino, mawu onse kuwatchula. Koma mukangomufunsa kuti, "Nanga munthu wa m'nkhaniyi wachitiranji zimenezi?" kalasi yonse zii, maso pansi. Kwa ana ambiri kuwerenga kumatanthauza kutulutsa mawu pakamwa basi. Palibe anawauzapo kuti wowerenga ali ndi ufulu wogwirizana ndi buku kapena kulitsutsa. Ambiri a iwo buku la nthano sanaligwirepo m'manja chibadwire, amangodziwa buku la silabasi logawana anthu asanu ndi notsi za pa bolodi.

Mankhwala ake amaoneka apafupi: apatseni mabuku osavuta. Koma tayesani kupatsa mnyamata wa zaka 15, mawu atayamba kale besi, buku la mbewa ndi mkango. Aliyang'ana ngati mwamutukwana. Ndipo akulondola, chifukwa amadziwa kuti mukumuuza kuti sadziwa kuwerenga, anzake akuona. Manyazi amenewa ndi amene amatilepheretsa, osati kusowa kwa mabuku kokha.

Njira yolambalala manyaziwa ndinaitola kwa anthu a malaibulale a kunja. Ku America kuli mphoto yotchedwa Caldecott Medal, imene bungwe la American Library Association lakhala likupereka chaka ndi chaka kuyambira 1938. Chosangalatsa nchakuti mphotoyi sipita kwa wolemba mawu koma kwa wojambula zithunzi. Komiti ya anthu 15 imakhala chaka chonse ikuwerenga mabuku a zithunzi, kenako imasankha limodzi lolandira mendulo ndi ena ochepa otsatira amene amawatcha Honor. Lopambana amalimata kachidindo kagolide pachikuto, otsatirawo kasiliva. Ku Britain nako kuli mphoto yofanana nayo imene inayamba mu 1955 ndi dzina loti Kate Greenaway Medal, ndipo masiku ano imatchedwa Carnegie Medal for Illustration. Kumeneko amalengeza mndandanda wa mabuku amene afika mu ndime yomaliza miyezi ingapo wopambana asanadziwike. Pa miyezi imeneyo ana m'sukulu zambiri amakhala m'magulu, kuwerenga mabuku omwewo amene oweruza akuluakulu akuwerenga, kukangana, nkusankha lawo. Ku America masukulu amachitanso chimodzimodzi, amakhala ndi Caldecott yawo yongoyerekeza.

Apa mpamene panandigwira mtima. Mwana amene akuweruza buku sakhalanso mwana wopatsidwa buku la ana. Wakhala woweruza. Funso silikhalanso loti, "Kodi ungathe kuwerenga ili?" koma loti, "Kodi ili nloyenera mng'ono wako wa Sitandade 2?" Buku ndi lomwelo, koma ulemu wa woligwira wasintha.

Mu 2023 mmodzi wa inu, amene tsopano akugwira ntchito ku America, ananditumizira kakatoni ka mabuku kudzera mwa mbale wake wobwera ku maliro. (Ukudzidziwa wekha, Mulungu akuonjezere pamene unachotsapo.) Ndinasankhamo asanu. Atatu anali ndi zidindo, awiri analibe. Ndisanalowe nawo m'kalasi ndinamata kapepala pachikuto cha lililonse, ngakhale pa opanda chidindowo, kuti wina asadziwe lomwe akunja analikonda. Ndinawauza ana kuti a hedi a pulayimale yoyandikana nafe atilola kukawerengera ana a Sitandade 2, ndipo ife ndiye komiti yosankha buku lowayenera. Zinali zoona, ndinali nditakapempha kale. Lamulo linali limodzi lokha: usanene kuti buku nlabwino kapena loipa popanda kunena mawu oti "chifukwa" ndi kuloza tsamba. Chichewa kapena Chingerezi, zonse ndinalola pokambirana. Polemba chigamulo ndiye Chingerezi.

Kalasi ya ana opitirira 80 ndi mabuku asanu si masewera. Ndinawagawa m'magulu khumi. Asanu akakhala ndi mabuku pansi pa mtengo wa mango, asanu enawo amakhala m'kalasi kulemba za buku limene aona kale, kenako nkusinthana. Zinatidyera mapiriyodi asanu ndi limodzi ndi Lachisanu limodzi masana.

Buku limene linabweretsa phokoso tsiku loyamba ndi The Lion & the Mouse la Jerry Pinkney, lotuluka mu 2009. Pachikuto chake palibe ngakhale dzina la buku, pali nkhope ya mkango yokha yodzadza tsamba lonse, maso akuyang'ana cham'mbali. Mukalitembenuza ndi pamene mumaona chimene ukuyang'ana: kambewa kali pachikuto chakumbuyo. M'kati mulibe ziganizo, muli zithunzi ndi timawu tochepa ta kulira kwa nyama ndi kwa galimoto. Nthano yake ndi yakale ija ya Aesop, koma Pinkney anaiika ku Serengeti, dera la nyama la ku Tanzania. Mbewa ikuthawa kadzidzi, mwangozi ikukwera pamsana pa mkango, mkango ukuigwira koma nkuisiya. Pambuyo pake opha nyama mozembera akutchera ukonde, mkango ukukodwa, mbewa ija ikubwera kudzadula zingwe ndi mano.

Gulu loyamba linabwera kudzandibwezera. "Sala, ili anaiwala kulembamo." Ndinawauza kuti ngati anaiwala, alembemo ndi iwowo, koma osati m'bukumo. Asanayambe nkomwe panabuka mlandu wina: kodi kanyamaka ndi mbewa kapena khoswe? Ndinaganiza kuti akungocheza, koma ayi. Wina anati ngati ndi khoswe, mkango unamusiya chifukwa chonyansidwa, ndiye palibe chifundo chilichonse. Ngati ndi mbewa, mkango unasiya ndiwo, ndiye chifundo chilipo. Anakaloza tsamba loonetsa kuti kanyamako kamakhala kutchire ndi ana ake, osati m'nyumba ya munthu, nkugamula kuti ndi mbewa. Inetu pa zaka zonse ndaphunzitsa literature sindinamvepo mkangano wa khalidwe la mtengambali wakuthwa chonchi mu Fomu 1.

Ntchito imene ndinawapatsa pa bukuli inali ya mvekero. Tsamba lililonse alipezere mvekero wake wa Chichewa. Abale, chilankhulo chathu ncholemera pamenepa! Kadzidzi balamanthu. Mbewa m'dzanja la mkango njenjenje, maso tong'o. Pa zingwe paja kukutu kukutu. Mkango utamasuka, tchire lonse zii. Atatha mivekero ndinawauza kuti tsopano afotokoze m'Chingerezi chimene mvekero uliwonse ukunena, ndipo apa mpamene anatuluka thukuta, chifukwa "njenjenje" mmodzi amafuna chiganizo chathunthu cha Chingerezi. Koma anali ndi chonena kale m'mutu, chosowa chinali mawu okha. Zimenezi nzosiyana kwambiri ndi masiku onse, pamene amakhala ndi mawu a m'buku pakamwa koma m'mutu mulibe kanthu.

Pinkney, amene anamwalira mu 2021, ankanena poyera kuti ali mwana kuwerenga kunkamuvuta kwambiri chifukwa cha vuto lija amati dyslexia, lovutitsa kuwerenga munthu wanzeru zake. Izi ndinawauza ana mwadala. Sindinayang'ane aliyense powauza.

Buku lachiwiri, Why Mosquitoes Buzz in People's Ears, nthano ya kumadzulo kwa Africa yofotokozedwa ndi Verna Aardema ndi kujambulidwa ndi banja la Leo ndi Diane Dillon, silinavute konse kupezera ntchito, chifukwa nkhani yake ndi bwalo la milandu kale. Udzudzu ukuuza buluzi wamkulu zabodza, buluziyo akutseka makutu ndi timitengo, nsato ikuona kuti sakuiyankha moni nkukabisala ku una wa kalulu, kalulu akuthawa, khwangwala akukuwa, pusi akulumpha m'mitengo, nthambi ikuthyoka nkupha mwana wa kadzidzi. Make kadzidzi pa chisoni akukana kudzutsa dzuwa, kunja osacha, mpaka mfumu mkango ikuitanitsa bwalo. Tinachita bwalolo m'kalasi, mfumu ndi nduna zake, aliyense woimbidwa mlandu kudziteteza. Phunziro la galamala linabwera lokha, poti munthu sangadziteteze popanda "because" ndi "if I had known". Wosewera pusi anakana kuti mlandu wonse ugwere udzudzu. Anati iye mwini ndiye anathyola nthambi, ndipo bwalo limene limasiya wothyola nthambi nkukagwira wamng'ono amene palibe pabwalopo si bwalo lachilungamo. Anzake anamuwombera m'manja ngakhale amadzipereka yekha ku chilango.

Pa Mufaro's Beautiful Daughters la John Steptoe, la mu 1987, ndinkayembekeza mtendere. Zithunzi zake nzokongola zedi, Steptoe anatengera zomera, mbalame ndi makoma amiyala a ku Great Zimbabwe, ndipo ana anasangalala kuona kuti njoka ya m'nkhaniyi dzina lake ndi Nyoka, pafupifupi mawu athu omwe. Nkhani yake ndi ya ana aakazi awiri a Mufaro: Nyasha wofatsa ndi Manyara wamwano. Mfumu ikufuna mkazi, ikudzisandutsa kamnyamata kanjala, nkhalamba ndi njoka kuti iwayese mitima, ndipo pamapeto Nyasha akukwatiwa ndi mfumu, Manyara akukhala wantchito m'nyumba ya mbale wakeyo.

Anyamata analikonda msanga. Mtsikana wina wokhala kumbuyo, amene kawirikawiri salankhula, anaimika dzanja nati, "Sala, ine sindingakawerengere mng'ono wanga ili. Chifukwa mphoto ya mtsikana wabwino ndi banja basi." Analoza tsamba la ukwati, monga mwa lamulo lathu. M'kalasi munatentha. Ena anati ndi nthano chabe, agogo athu amatiuza zoterezi ndipo sitinafe nazo. Iye anayankha kuti pa atsikana amene anali nawo mu Sitandade 6, angapo ali pabanja ndipo nawonso ankauzidwa kuti ndi ofatsa, apeza mwamuna wabwino. Ine sindinalowererepo. Ndikanati ndinene maganizo anga, bukuli ndimalikonda, ndipo ndimaona kuti mtima wake uli pa mmene munthu amachitira ndi wonyozeka pamene akuganiza kuti palibe akumuona. Koma mwanayo anawerenga bwino, ndipo anawerenga ndi moyo wake. Gulu lake linalemba m'chigamulo kuti bukuli liwerengedwe, koma wowerengayo akamaliza afunse tianato kuti Nyasha akanapatsidwa mphoto ina iti.

La William Kamkwamba, The Boy Who Harnessed the Wind, limene analikonzanso kukhala la zithunzi mu 2012 ndi wojambula Elizabeth Zunon, ana analilandira monyadira poti ndi mwana wa ku Wimbe ku Kasungu, ndipo ena anali ataonera kale filimu ya mu 2019. Koma monga oweruza anati mawu ake ndi ambiri ndipo za magetsi nzovuta kwa mwana wa Sitandade 2. Analiika pambali mwaulemu, nkupempha kuti likhale lawo.

Tsono Galimoto. Ambiri a inu simudziwa kuti kuli buku lotchuka ku America limene dzina lake ndi mawu a Chichewa. Analemba ndi Karen Lynn Williams, amene anakhalako kuno ku Malawi, zithunzi anajambula ndi Catherine Stock, ndipo linatuluka mu 1990. Ndi nkhani ya Kondi, mnyamata wa zaka 7 amene watsimikiza kupanga galimoto ya mawaya ngakhale mkulu wake akumuseka kuti ndi wamng'ono ndipo waya alibe wokwanira. Tsiku lonse akuzungulira kusaka waya: kusinthanitsa ndi mnzake, kupempha ku sitolo, kupempha kuchigayo amayi a pamzere akudandaula kuti akuwadumpha, mpaka kukwera mpanda kuti akatole pa dzala.

Apa oweruza anga anali akatswiri kuposa wolemba, kuposa komiti iliyonse ya ku America. Anyamata amene sanatsegulepo pakamwa chiyambire teremu anayamba kufotokoza za waya woyenera thupi la galimoto ndi waya wofewa womangira, za mateyala ndi chiwongolero chachitali, ndi ngati mwana wa zaka 7 angamalizedi zonsezi tsiku limodzi. Mmodzi anabweretsa yake mawa lake kuti atsimikize mfundo. Koma atafika pa tsamba limene anthu akukuwira Kondi kuti wakuba, phokoso lonse linatha. M'bukumo zikutha bwino, mwanayo akufotokoza ndipo akumusiya. Ana athu amadziwa mmene mfuu imeneyo imathera pa msika. Mnyamata wina anati pang'onopang'ono, "Sala, ameneyu anachita mwayi." Tinakhala pa tsamba limenelo nthawi yotsala yonse ya piriyodi, ndipo sindikudandaula.

Lachisanu lija tinapita ku pulayimale. Gulu lililonse linatenga tiana khumi ndi angapo pansi pa mtengo. Apa panaoneka chinthu chimene oweruza sanachiganizire: mabuku anayi anafunika kumasulira. Wowerenga amawerenga chiganizo cha Chingerezi, kuima, kuchinena m'Chichewa, tiana tikuyamba kusewera ndi mchenga. Ochenjera anasiya kuwerenga nkumangofotokoza zithunzi. Buku la mkango lokha ndi limene silinafune womasulira. Amene analigwira anali mnyamata wamtali wobwereza kalasi, amene ndikamuloza kuti awerenge ndime amachita chibwibwi mpaka anzake kuseka. Anangoti "Padangotero!" tiana tonse "Tili tonse!" ndipo kuyambira pamenepo anali mwini bwalo. Amatsegula tsamba, kudikira, kufunsa kuti, "Mukuona chiyani?" Pofika pa ukonde kamtsikana kena kanaimirira kukuwira mbewa kuti ifulumire. Mphunzitsi wa Sitandade 2, mayi wachikulire, anandifunsa ngati mnyamatayo ali nambala wani m'kalasi mwanga. Ndinangoti ndi mmodzi wa odalirika.

Lolemba tinavota. Zitini zisanu kuseri kwa chitseko, aliyense njere imodzi ya chimanga, koma asanaponye apereke kapepala ka ziganizo zitatu zonena chifukwa chake. Mkango unapambana, Galimoto pambuyo pake pafupi kwambiri, udzudzu wachitatu. Kenako tinamatula timapepala tija. The Lion & the Mouse: golide, Caldecott ya 2010, imene Pinkney analandira atakhala kale wotsatira kasanu konse. La udzudzu: golide, 1976. La Mufaro: siliva, 1988. La Kamkwamba ndi Galimoto: pachikuto mbee.

Amene anavotera mkango anavina ngati awina chikho. A Galimoto anakwiya zenizeni. Anafunsa kuti anthu 15 amenewo anayamba apangapo galimoto ya mawaya? Ndinawauza kuti komitiyo imayang'ana luso la zithunzi ndi mmene zithunzizo zikunyamulira nkhani, ndipo pa muyeso umenewo ine ndemwe ndikanapatsa Pinkney. Koma funso la komiti yathu linali lina, ndipo pa funso lathu oweruza oyenera anali iwowo. Ndinawauzanso kuti malamulo a Caldecott amalola okhawo amene ndi nzika za America kapena okhala kumeneko, pa mabuku osindikizidwa konko. Wojambula wa ku Zomba kapena ku Mzimba, kaya akhale waluso chotani, sangalowe nawo ali kuno. Chidindo chimakuuzani kuti bukuli anthu ena odziwa analiona kuti nlabwino. Kusowa kwa chidindo sikukuuzani kanthu.

Wina anafunsa ngati buku la Chichewa linayamba lapatsidwapo mphoto. Inu amene munalemba Nthondo pa mayeso a Fomu 4 muyenera kukumbukira yankho. Samuel Josia Ntara, mphunzitsi ngati ife tomwe wa ku Nkhoma, analemba bukulo polowa mpikisano wa mabuku a m'zilankhulo za mu Africa wokonzedwa ndi bungwe la ku London, ndipo linapata mphoto. Linasindikizidwa mu 1933, ndipo mu 1934 linatuluka m'Chingerezi ndi dzina loti Man of Africa, womasulira ali T. Cullen Young. Ana anadabwa kumva kuti buku limene akulu awo amaliopa pa mayeso linayamba ngati la mpikisano, lolembedwa ndi mphunzitsi.

Mnzanga wina mu stafurumu anandiuza mosabisa kuti ndataya mapiriyodi asanu ndi limodzi pa zidole pamene silabasi ikutidikira. Nkhawa yake ndi yomveka, poti woyendera sukulu akabwera amafunsa sikimu, safunsa za mbewa. Sindinganene kuti ana anga akhoza mayeso chifukwa cha mabuku asanu. Chimene ndinamuonetsa ndi timapepala ta mavoti tija. Chingerezi chake nchothyokathyoka, koma pa kapepala kalikonse pali maganizo a mwini wake, pali "because", pali nambala ya tsamba. Funso la literature la Fomu 4 limafuna zomwezo: nena mfundo, pereka umboni wa m'buku. Timadikira mpaka Fomu 3 kuti tiyambe kuphunzitsa zimenezi pa Macbeth, pamene mwana akulimbana ndi chilankhulo chovuta ndi luso lachilendo nthawi imodzi.

Kwa amene mukufuna kuyesa, pali zinthu ziwiri zimene ndimapewa. Choyamba ndi mafunso khumi a pa bolodi buku likangotha, aja oti tchulani mayina a ana a Mufaro. Mukatero mwalibweza bukulo ku silabasi ndipo oweruza anu asanduka ana a sukulu kachiwiri. Chachiwiri ndi funso lathu lokondedwa lija loti, "Tikuphunzirapo chiyani pa nkhaniyi?" Ana analiloweza kalekale yankho lake, amangoti tizikhala achifundo, tizimvera makolo, osaganiza nkomwe. Mtsikana uja akanafunsidwa funso limenelo akanayankha kuti tizikhala ofatsa ngati Nyasha, nkukhala pansi.

Ndipo musadikire katoni yochokera kunja. Ngati muli ndi foni ya intaneti, African Storybook, imene inayamba ku South Africa mu 2014, ili ndi timabuku ta zithunzi taulere m'zilankhulo zambiri za mu Africa, Chichewa chomwe, ndipo amalola kusindikiza. Sankhani tisanu, komiti yanu yakwana. Ku nthambi za National Library Service nakonso kuli mashelefu a ana amene ife a ku sekondale timangowadutsa.

Ife mu 2024 tinapitirira pang'ono. Pepala limodzi la A4 mukalipinda katatu nkulidula pakati limasanduka kabuku ka masamba asanu ndi atatu, kopanda guluu kapena sitepulo. Gulu lililonse linapanga kake, m'Chichewa, ka tiana ta Sitandade 2, mawu osapitirira chiganizo chimodzi pa tsamba. Oweruza ulendo uno anali tianato, ndi njere zawo za chimanga. Kanapambana ndi kabuku ka nkhuku imene inakwera minibasi yopita ku Limbe popanda ndalama, kondakitala nkumaitsitsa pa siteji iliyonse. Chidindo tinadula ku pepala lonyezimira la m'paketi ya tiyi, tinamata ndi phala la chinangwa. Kabukuko kali ku pulayimale mpaka lero, ndipo mayi aja anatumiza uthenga kuti kang'ambika pa mpindiro, olemba ake apite akakonze.